CPU ikuti 100%, kapena ikuti 12% koma laputopu ikukwawa: kuwerenga manambala a Task Manager ndi top osapusitsidwa

Funso ili ndaliyankha kambirimbiri mu gulu lathu la WhatsApp moti ndaona kuti bola ndilembe kamodzi aliyense aziwerenga yekha. Wina wa ku Mufakose amatumiza screenshot, CPU ili pa 100%, nkufunsa kuti achimwene ndigule laputopu ina? Wina wa ku Mabvuku amatumiza yake yosonyeza 15% koma akuti Excel ikuzizira mpaka mphindi zisanu ndiye mwina ndi vairasi. Onse awiri akuikhulupirira nambalayo mopitirira muyeso. Kawirikawiri peresenti ya CPU, yomwe ndi purosesa, imangonena kuti pa kanthawi komwe pulogalamu yoyezayo inasuzumira, purosesa inali ndi chochita kwa nthawi yaitali bwanji, basi. Siikuuzani kuti ntchito yagwirika yochuluka bwanji, siikuuzani kuti purosesa ikudikira chani, ndipo mapulogalamu oyezerawo samawerengera mofanana. Kuno ku Harare komwe ambirife tili pa ma laputopu a ex-UK, ma chaja ogula mtawuni, komanso tsiku lonse pa batire chifukwa magetsi athima, zomwe nambalayo siinenazo ndi zomwe zimativuta kwambiri.

## Musanaweruze, chitani izi kaye

- Tsegulani Task Manager, pulogalamu ya Windows yosonyeza manambalawa, nkuisiya mphindi imodzi kapena ziwiri. Kuitsegula kokhako kumakweza CPU kwa masekondi angapo, ndiye screenshot yojambula pompopompo ilibe ntchito.
- Pitani pa Performance, dinani kumanja pa graph ya CPU, sankhani Change graph to kenako Logical processors. Muziona timabokosi tambiri, kalikonse ndi logical processor imodzi, gawo limodzi la purosesa, osati graph imodzi.
- Pansi pa graph pali Speed, chakumanja pali Base speed. Lembani manambala onse awiri.
- Suzumiraninso Disk ndi Memory pomwepo.

Mukatumiza screenshot kwa aliyense wokonza makompyuta, zinthu zinayizi zizioneka.

## Chizindikiro 1: CPU ili pansi koma kompyuta ikukwawa

Ili ndiye vuto lomwe limabwera kwambiri, ndipo anthu amataya ndalama pano pogula zinthu zolakwika.

Disiki ndi yomwe yatopa. Ma laputopu ambiri akale amabwera ndi hard drive ya 5400 rpm, ija imazungulira mkati. Purosesa imapempha fayilo nkukhala chete kudikira, ndipo nthawi yodikirayo imawerengedwa ngati yopuma, ndiye mumaona 8% kapena 10% pomwe mawusi akuchita kudumphadumpha.
- Onani: Performance, Disk, Active time. Ikamakhala pa 100% kwa nthawi yaitali, mwapeza.
- Konzani: ikani SSD, disiki yopanda zozungulira mkati. Pa zonse zomwe mungagule ndi madola ochepa, iyi ndi yomwe imasintha laputopu yakale kwambiri, kuposa RAM nthawi zambiri.

Purosesa yachepetsedwa liwiro. Apa pali msampha womwe anthu ochepa amaudziwa. Kuyambira pa Windows 8, kupatula pa Windows 11 yatsopano, Task Manager pa tsamba la Processes ndi Performance imachulukitsa nthawi yogwira ntchito ndi liwiro lomwe purosesa ikuthamanga poyerekeza ndi Base speed. Ndiye ngati Base speed ndi 2.40 GHz koma Speed yakakamira pa 0.79 GHz, purosesa ikhoza kukhala ikugwira ntchito mosapuma koma inu muziona pafupifupi 33% basi, chifukwa 0.79 kugawa ndi 2.4 ndi pomwepo. Chizindikiro chake nchakuti graph imafika pa nambala inayake nkukhala yowongoka ngati yadulidwa ndi mpeni, siipitirira ngakhale mutatsegula zinthu zingati. Zomwe zimachititsa, kuyambira chofala kwambiri kuno kwathu:
- Batire. Magetsi akathima Windows imatsitsa liwiro kuti batire ikhalitse, makamaka Battery saver ikayaka. Lumikizani chaja muone ngati Speed ikwere.
- Chaja yosayenera. Ma laputopu ambiri a Dell ndi HP ali ndi kapini kakang'ono pakati pa pulagi ya chaja komwe laputopu imazindikirira nako mphamvu ya chajayo. Kapini kakathyoka, kapena mwaika ya 45W pomwe imafuna 65W kapena 90W, laputopu imadziteteza potsitsa purosesa, nthawi zina ngakhale kutchaja batire imasiya. Pa Dell lowani mu BIOS muone mzere wa AC Adapter, ikalemba Unknown ndiye chaja ndiyo. Bwerekani chaja yoyenera kwa mnzanu muyese musanagule china chilichonse.
- Kutentha. Fumbi la Ogasiti ndi Seputembala limadzadza mu fani, kenako kutentha kwa Okutobala kumabwera kudzamaliza. Mapurosesa ambiri a Intel a mu laputopu amayamba kudzitsitsa akayandikira 100°C. Ikani HWiNFO, pulogalamu yoonera kutentha ndi liwiro, tsegulani Sensors, muone kutentha komanso mzere wa Thermal Throttling ngati ukunena Yes. Ndipo chonde, laputopu pa bulangeti kapena pa pilo ayi.
- Wina anasintha ma setting. Control Panel, Power Options, Change plan settings, Change advanced power settings, Processor power management, Maximum processor state. Izikhala 100%. Ikakhala 99% turbo, kuthamanga kopitirira Base speed, imazimitsidwa, ikakhala 50% ndiye mwadzimanga nokha miyendo.

Pulogalamu ikugwiritsa ntchito thread imodzi yokha, kutanthauza mzere umodzi wa ntchito womwe umayenda pa logical processor imodzi panthawi imodzi. Masamu ake ndi osavuta. Purosesa ya ma logical processor 4, imodzi ikadzadza mumaona 25%. Ya 8 mumaona 12.5%, ya 16 mumaona pafupifupi 6%. Mukaona pulogalamu yaima nji pa 25 kapena 12 kapena 13 osasuntha, dziwani kuti yadzadza kale mbali yake, ilibenso kopita. Ma macro a Excel amayenda chonchi, mapulogalamu ambiri akale a ma akaunti nawonso.
- Onani: pa timabokosi tija, kamodzi kali pamwamba ena ali pansi. Nthawi zina Windows imasuntha ntchitoyo kuchoka pa core ina, kapurosesa kamodzi ka mkati mwa purosesa, kupita ina ndiye timabokosi tonse timaoneka tapakatikati, koma nambala ya pulogalamuyo imakhalabe 25 kapena 12.
- Konzani: kugula purosesa ya ma core ambiri sikuthandiza pano. Chomwe chingathandize ndi core yothamanga kwambiri, kapena kukonza fayiloyo, mwachitsanzo kuchepetsa ma formula obwerezabwereza.

RAM yadzadza. 4GB ndi ma tab 20 a Chrome sizigwirizana. Windows imayamba kutaya zinthu pa disiki nkumazitenganso, ndiye mumaona Memory pamwamba pa 90%, Disk pamwamba, CPU pansi. Tsekani ma tab kapena onjezani RAM.

Ikudikira netiweki. Pulogalamu yomwe ikudikira seva kapena intaneti yochedwa siigwiritsa ntchito CPU. Ngati zomwe zikuchedwa ndi za pa intaneti zokha, laputopu yanu ilibe mlandu.

Hyper-Threading. Intel inabweretsa izi mu 2002, core imodzi kumaoneka ngati awiri. Koma awiriwo amagawana zida zomwezo mkati, ndiye wachiwiri amangowonjezera pang'ono, Intel yomwe inkanena za mpaka 30%. Kutanthauza kuti pa purosesa ya ma core 4 ndi ma thread 8, mukafika 50% mukhoza kukhala mwadya kale mphamvu yambiri, theka lotsalalo si theka lenileni. Mapurosesa ambiri a Intel kuyambira 12th gen ya 2021 ali ndi ma P-core amphamvu ndi ma E-core ofooka, ndiye peresenti imodzi ya onse pamodzi imasocheretsa kwambiri kuposa kale.

## Chizindikiro 2: CPU ili pa 100% pomwe simukuchita chilichonse cholemera

Windows ikubweza ngongole ya ma apudeti. Ambirife laputopu imakhala masabata osalowa pa intaneti chifukwa data ndi yodula, ndiye tsiku lomwe mwailumikiza pa Wi-Fi ya ku ofesi kapena ya kwa achibale ku Avondale imayamba zonse nthawi imodzi. Pa Processes dinani mutu wa CPU kuti zolemera zibwere pamwamba. Mukaona Windows Modules Installer Worker kapena Antimalware Service Executable, zimenezo ndi za Windows yomwe, si vairasi. Isiyeni pa chaja imalize, kenako restart. Musazimitse Defender chifukwa cha izi, ndaona anthu akuchita zimenezo nkudzalira patsogolo.

Turbo ikunamiza Task Manager. Kawerengedwe kaja ka liwiro kamagwiranso mbali inayi. Base speed 1.60 GHz, purosesa yakwera turbo mpaka 3.40 GHz, ndiye ikangogwira ntchito theka la nthawi nambala yafika kale 100 ndipo Task Manager imaidula pomwepo. Ngati laputopu ikuyankha bwinobwino, palibe chokonza.

Liwiro latsitsidwa, koma mukuonera pa pulogalamu yowerengera nthawi yokha. Pa Linux, pa tsamba la Details la Task Manager, ndi pa Windows 11 yatsopano, purosesa ya pa 0.79 GHz imaoneka 100% pa ntchito yaing'ono ngati kuonera YouTube. Bwererani ku mndandanda wa batire, chaja ndi kutentha uja.

System interrupts ili pamwamba. Iyi si pulogalamu ndipo simungaitseke, ndi nthawi yomwe purosesa ikuyankha zida ndi ma driver. Pa kompyuta yabwino imakhala pansi kwambiri. Ikamakhala 10%, 20% osatsika, zulani zonse za USB chimodzichimodzi, ma dongle a Wi-Fi ndi ma modemu otchipa amakonda kuchita izi, kenako zimitsani Wi-Fi ndi Bluetooth muone. LatencyMon imakuuzani dzina la driver yomwe ikuvuta.

Tab imodzi ya browser. Mu Chrome dinani Shift ndi Esc, ili ndi task manager yakeyake yomwe imasonyeza tab kapena extension yomwe ikudya.

## Chizindikiro 3: System Idle Process ikudya 95%

Si vuto. Nambala imeneyo ndi gawo la purosesa lomwe silikugwira ntchito, ikakwera ndiye kuti zinthu zili bwino. Isiyeni.

## Chizindikiro 4: fani ikulira koma mukatsegula Task Manager CPU imagwa nthawi yomweyo

Nthawi zambiri ndi zinthu ziwiri zosaopsa: kukwera kwa kanthawi kobwera chifukwa chotsegula Task Manager yomweyo, kapena ntchito zomwe Windows imachita mukaisiya osaigwira, zomwe zimaima mukangogwedeza mawusi. Koma pali chachitatu. Ma vairasi ena okumba ndalama za crypto amalembedwa kuti akaona Task Manager yatsegulidwa aziima, mukaitseka aziyambanso, ndipo amabwera kwambiri ndi mapulogalamu a crack, ma activator a Windows ndi Office, ndi magemu okopera pa flash. Tinene zoona, ma laputopu ambiri ogula mtawuni amabwera ataikidwa kale zoterezi.

- Tsekani Task Manager, tsegulani HWiNFO yokha, muisiye mphindi 10 osagwira kanthu. Kutentha ndi liwiro zikakwera nkukhala pamwamba, pali chomwe chikuthamanga.
- Yesani Process Explorer ya Sysinternals, ndi yaulere ndipo ndi ya Microsoft yomwe kuyambira 2006. Ena mwa ma vairasi amaizindikiranso, koma si onse.
- Thamangitsani Microsoft Defender Offline scan, imayambitsanso kompyuta nkusaka Windows isanadzuke.

## Chizindikiro 5: mapulogalamu awiri akupereka manambala osiyana

Processes ikuti 40%, Details ikuti 22, Process Explorer ikuti zina. Palibe yomwe yawonongeka. Pa Windows 10, Processes ndi Performance zimawerengera ndi liwiro, Details imawerengera nthawi yokha. Mu 2025 Microsoft inasintha Task Manager ya Windows 11 kuti masamba onse aziwerengera mofanana, kawerengedwe kakale nkukasiya ngati column yobisika ya CPU Utility pa Details. Koma ma laputopu ambiri a ex-UK ndi a 6th kapena 7th gen omwe Windows 11 siiwalandira mwalamulo, ndiye ali pa Windows 10 yomwe Microsoft inasiya kuithandiza mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, ndipo akuonabe kawerengedwe kakale. Nchifukwa chake laputopu yanu ndi ya mnzanu zikhoza kusiyana pa ntchito yomweyo.

Chinanso ndi nthawi yosuzumira. Update speed ya Normal ndi sekondi imodzi, High ndi theka la sekondi, Low ndi masekondi 4. Pulogalamu yomwe imadzuka kwa kanthawi kochepa nkugonanso imaoneka pa High koma pa Low imasungunuka. Onetsetsaninso kuti siili pa Paused, zimachitika, munthu nkumayang'ana graph yoima.

## Chizindikiro 6: pa Linux kapena Mac pulogalamu ikuti 350%

Kwa ana athu omwe akuphunzira za ma seva, ndi omwe ali ndi MacBook.

- top, pulogalamu yoonera CPU pa Linux, ndi Activity Monitor ya pa Mac zimawerengera 100% pa core iliyonse. Pa makina a ma core 8 denga ndi 800%, ndiye 350% ndi ma core atatu ndi theka. Mu top dinani Shift ndi I kuti igawe ndi ma core onse, dinani 1 kuti muone core iliyonse payokha.
- Pa Linux, ps aux siikuuzani za panopa. Imatenga nthawi yonse ya CPU yomwe pulogalamu yadya nkugawa ndi nthawi yomwe yakhala ikuyenda chiyambire. Pulogalamu yomwe yagona sabata yonse nkupenga lero imaonekabe 1%.
- Mzere woyamba wa vmstat ndi iostat ndi avereji kuyambira pomwe makina anayaka. Lembani vmstat 1 nkuwerenga kuyambira mzere wachiwiri.
- Pa Mac, kernel_task ikakwera kwambiri nthawi zambiri ndi kutentha. Apple yomwe imanena kuti ntchito ina ya kernel_task ndi kulanda CPU kwa mapulogalamu otenthetsa kuti makina azizire. Funani chomwe chikutenthetsa, osati kulimbana ndi kernel_task.

## Chizindikiro 7: load average ili pamwamba koma CPU ikupuma

Manambala atatu aja a pa uptime ndi top, a mphindi 1, 5 ndi 15, si ma peresenti. Taganizani pa Copacabana madzulo: load average ikuwerenga omwe akwera kale mu kombi pamodzi ndi omwe ali pa mzere, ndipo pa Linux ikuwerenganso omwe aima pambali kudikira katundu wawo, omwe sakufuna mpando panopa nkomwe. Anthu a pambaliwo ndi ma process a mu state D, odikira disiki kapena drive ya pa netiweki, ndipo Linux inayamba kuwawerengera mu 1993. Ndiye load ya 12 ikhoza kukhala CPU yodzadza, kapena disiki yomwe ikufa pomwe CPU ilibe chochita.

1. Lembani nproc kuti mudziwe kuchuluka kwa ma core. Load ya 4 pa ma core 8 ndi yabwinobwino, pa core imodzi ndi mzere wautali.
2. vmstat 1, onani r ndi b. r ndi ofuna CPU, b ndi otsekeredwa kudikira disiki.
3. iostat -x 1, yochokera mu sysstat, muone disiki yomwe ikuchedwa kuyankha.
4. dmesg, sakani ma I/O error. Magetsi ozimazima popanda UPS amapha ma disiki a ma seva a m'maofesi ang'onoang'ono.

Pa nambala ya wa ya mu top ndi vmstat, ija ya iowait, samalani. Ndi nthawi yomwe CPU ikupuma pomwe pali chodikira ku disiki, ndiye mukayambitsa pulogalamu ina yodya CPU, wa imatsika ngakhale disiki ikuvutikabe chimodzimodzi. Kutsika kwake sikutanthauza kuti mwakonza.

Palinso nkhani ya kuya pang'ono yomwe Brendan Gregg analemba mu 2017 ali ku Netflix: purosesa ikamadikira deta kuchokera ku RAM, nthawi imeneyo imawerengedwa ngati ikugwira ntchito. Ndiye 90% ikhoza kukhala kudikira kwambiri kuposa kuwerengera. perf stat imasonyeza instructions per cycle, ikakhala pansi pa 1 mwina vuto ndi memory, ndipo purosesa yothamanga kwambiri siingasinthe zambiri.

## Chizindikiro 8: VPS kapena Docker ikuchedwa koma graph ikuoneka bwino

Steal. Mu top onani st. VPS ndi gawo lobwereka la seva yaikulu, ndipo st ndi nthawi yomwe makina anu ankafuna CPU koma seva yaikuluyo inapatsa wina. Ine ikamakhala pamwamba pa 10 kwa nthawi yaitali ndimalembera kampani yomwe ndikubwerekako, chifukwa mkati mwa VPS mulibe chomwe mungakonze.

Ma credit atha. Pa AWS, ma seva obwereka a Amazon, seva yaing'ono ya t2.micro imalandira ma credit 6 pa ola, credit imodzi ndi mphindi imodzi ya CPU yonse, ndipo akatha mumabwezedwa pa 10%. Website imayenda bwino mmawa, masana nkuyamba kukwawa. Onani CPUCreditBalance mu CloudWatch, poonera ma graph a AWS. Ma seva a mtundu wa T3 amayamba ali pa unlimited, satsika liwiro koma bilu ndi yomwe imakwera.

Avereji ya mphindi 5. Basic monitoring ya CloudWatch imapereka nambala imodzi pa mphindi 5. Seva yodzadza kwa mphindi imodzi nkupuma zinayi imaoneka 20%, pomwe makasitomala anu anaona ikuzizira.

Malire a container, kabokosi komwe Docker imayendetseramo pulogalamu. Mukaika --cpus=0.5, container imapatsidwa 50ms pa 100ms iliyonse. Pulogalamu ya ma thread ambiri ikhoza kudya gawo lakelo mwachangu nkuimitsidwa mpaka 100ms ithe, avereji nkumaoneka yotsika. Werengani fayilo ya cpu.stat, nr_throttled ikamakwera ndiye zimenezo. Dziwaninso kuti top ya mkati mwa container imasonyeza CPU ndi load za makina onse, osati za container yokha.

## Pomwe muyenera kusiya nkupita kwa wodziwa

- Batire yatupa, touchpad kapena kiyibodi yakwera mmwamba. Zimitsani, zulani chaja, musaibowole kapena kuipanikiza.
- Pali fungo la kupsa, kapena pulagi ya chaja ikutentha moti simungaigwire.
- Disiki ikulira tiki tiki, kapena dmesg yadzadza ma I/O error. Koperani mafayilo ofunika kaye, ndipo ngati kukopera kukukanika siyani kuyesayesa, kuyatsa kulikonse kumawonjezera kuwonongeka.
- Speed yakakamirabe pa 0.79 kapena 0.39 GHz ndi chaja yoyenera komanso makina ali ozizira. Zikhoza kukhala sensa kapena motherboard. Pali mapulogalamu ngati ThrottleStop omwe amazimitsa chitetezo chimenecho, ine sindilimbikitsa ngati simukudziwa chomwe chinachiyatsa.
- Fani siikuzungulira kapena pakufunika kusintha thermal paste ndipo simunatsegulepo laputopu. Timawaya ta kiyibodi ndi sikirini timaduka msanga.
- Mwapeza vairasi pa kompyuta yomwe mumalowera ku banki kapena ya kuntchito. Ichotseni pa netiweki, sinthani ma password pa foni kapena kompyuta ina, muuze a IT ngati ndi ya kampani.

Popita kwa wokonzayo tengani chaja yomwe mumagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, osati laputopu yokha, chifukwa akailumikiza pa chaja yake ya pa shopu vuto likhoza kusowa nkukulipiritsani za kutsuka fani pomwe chovuta chatsala kunyumba. Mumuuzenso ngati zimachitika pa batire pokha, pa chaja pokha kapena ponseponse, ndipo asanasinthe chilichonse akuonetseni Speed ndi kutentha pa sikirini inu mukuona.